Galu wowonda asaphedwe asanayezedwe

M'midzi ya m'malire, kuchokera ku Ulóngue ndi Tsangano mpaka ku Zóbuè, galu ndiye mlonda wa khola la mbuzi ndi nkhokwe. Koma akayamba kuwonda, maso n'kuyera, chiweruzo chimafulumira. Ena amati wapenga, ena amati mnansi wamdyetsa mankhwala. Galuyo amaponyedwa miyala, ndipo mabanja awiri amaleka kulonjerana. Chonsecho nthawi zina gwero ndi matenda a shuga, amene amagwira agalu monga agwirira anthu.

Matendawa amadza pamene kapamba waleka kutulutsa insulini, imene imalowetsa shuga wa m'chakudya m'minofu. Shugayo amangodzaza m'magazi n'kutuluka ndi mkodzo. Choncho galu amamwa madzi kosalekeza, amakodza pafupipafupi, amadya kwambiri koma nthiti zikuonekera, ndipo nyerere zimaunjikana pamene wakodza. Ambiri amachita ng'ala chaka chisanathe. Kawirikawiri amadwala ndi agalu a zaka 7 kapena kuposa, makamaka aakazi.

Chiwewe sichiyenda chotere. Galu wachiwewe amasintha khalidwe mwadzidzidzi, amatuluka dovu, amaluma chilichonse, ndipo amafa pasanathe masiku 10. Wa shuga amadwala milungu kapena miyezi, akumzindikirabe mbuyake, ndipo sapatsira munthu kapena chiweto. Komabe munthu wolumidwa ndi galu aliyense atsuke bala ndi sopo kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala. Pamenepo palibe kudikira.

Mankhwala a shuga alipo, koma ndi olemetsa. Galu amafunika jakisoni wa insulini kawiri pa tsiku moyo wake wonse, chakudya cha muyezo umodzi pa nthawi zosasintha, ndiponso filiji yosungiramo mankhwalawo. Mapiritsi amene anthu a shuga amamwa sathandiza galu, ndipo insulini yobaya mongoyerekeza ingamuphe. Kumudzi kopanda magetsi ndi mabanja ochepa amene angakwanitse zimenezi. N'chifukwa chake nzeru yaikulu ili pa kupewa.

Choyamba ndi galu wamkazi. Nyengo yofuna amuna ikatha, kaya watenga bere kaya ayi, thupi lake limakhala pafupifupi miyezi iwiri likulimbana ndi mphamvu ya insulini. Opaleshoni yotseka kubereka imachotsa vutoli, ndipo imachepetsanso tiagalu tosowa mwini. Chachiwiri ndi mafuta. Kumponyera galu mafuta a nkhumba otsala paukwati kapena pamaliro kungatupitse kapamba n'kumuwononga. Chachitatu, galu asanenepe mopitirira ndipo asakhalire pachingwe usana ndi usiku.

Galu akayamba ludzu lachilendo asamanidwe madzi poopa kuti anyowetsa pakhonde. Kummana madzi n'kumfulumizitsa kufa. Mwini apite naye kwa alangizi a ziweto ku ofesi ya SDAE ya boma lake, pakuti njoka za m'mimba zimawondetsanso, ndipo matenda a impso ndi mafinya m'chiberekero amadzetsanso ludzu. Kuyeza mkodzo kapena magazi ndiko kumasiyanitsa. Alangiziwo nawo, pozungulira ndi katemera wa chiwewe, ayenera kumafotokozera anthu zizindikirozi. Ngati chithandizo sichitheka, dokotala wa ziweto ndiye athetse kuvutika kwa galuyo mwachifundo, osati anyamata ndi zibonga.

Anthu ali ndi ngongole kwa nyama imeneyi. Mu 1889, ku Strasbourg, Oskar Minkowski ndi Josef von Mering anachotsa kapamba wa galu n'kuona kuti wadwala shuga. Mu 1921, ku Toronto, Frederick Banting ndi Charles Best anayesa insulini pa agalu, ndipo mu 1922 inayamba kupulumutsa anthu. Lero agogo amene akumva ludzu losatha, kukodza usiku wonse ndi kuwonda angayezedwe kuchipatala n'kulandira mankhwala chifukwa cha agalu amenewo. Banja limene laphunzira kuona zizindikirozi pa galu wake silidzachedwa kuziona pa munthu wa m'nyumba.