KUKOMA KWA NJUGA NDI NYAMBO

Wacinyamata mnzanga wa m'Ng'ombe, akuluakulu ena amakuuza kuti njuga siikoma. Amanena ndi mtima wabwino, ndipo iwe umamvetsera mwaulemu, koma m'kati umadziwa kuti sizoona. Unaimapo pafupi ndi makina a bonanza, kapena unapenyererapo kandeke ka Aviator kalikukwera pa foni ya mnzako, ndipo mtima unagunda ngati ng'oma. Tsono tisabisane: njuga imakoma. Koma kodi kukomako anathiramo ndani, ndipo anathiriramo ciani? Msodzi saika mwala pa mbedza. Amasankha nyongolotsi yonona, osati cifukwa cakuti amakonda nsomba ai.

KASINO YALOWA M'KOMBONI

Kale kasino inali ya anthu a masuti, m'mahotela ndi m'nyumba zowala za m'mbali mwa mseu wa Great East. Mnyamata wa m'Ng'ombe anali kungoiona ali m'minibasi, kapena kuima pakhomo pace ngati mlonda. Masiku ano kasino yacita kutitsata. M'caka ca 2013 kwaca inasinthidwa, ndalama za citsulo zinabwerera m'matumba mwathu, ndipo ka K1 komweko ndi kamene makina a bonanza amameza m'mabala ndi m'mashopu a m'komboni. Kenaka kunabwera masewera a pa foni monga Aviator, amene kampani ya Spribe inaturutsa mu 2019. Ndalama imacoka pa mobile money usiku uli gone pa mphasa, popanda mlonda wokufunsa zaka zako. Nyumba yasintha, koma macenjera ace ndi akale omwe aja. Tiye tiwaone limodzi.

COYAMBA: KUSADZIWA

Anthu ambiri amaganiza kuti cokoma pa njuga ndi kuwina. Koma taganiza bwino. Kodi mtima umagunda liti? Umagunda pamene gudumu likali kuzungulira, pamene kandeke kakali m'mwamba, iwe osadziwa cimene cicitike.

M'zaka za m'ma 1950, katswiri wina wa ku America, B. F. Skinner, anaika nkhunda zanjala m'mabokosi momwe zinali kujompha kabatani kuti zilandire cakudya. Anapeza kuti nkhunda imene imalandira mwa apo ndi apo, osadziwa kuti kujompha kuti ndiko kubweretse mbeu, imajompha mwakhama ndipo siifulumira kuleka ngakhale cakudya cisiye kubwera. Mu 2003, Wolfram Schultz ndi anzace anapima ubongo wa apusi amene anali kudikira madzi a zipatso. Maselo oturutsa dopamine, mankhwala a m'ubongo amene amautsa cilakolako, anali kutakataka kwambiri pa kudikirako pamene mwai wolandira unali theka kwa theka. Ndiye kuti kusadziwa pakokha kumautsa thupi. Opanga makina amadziwa zimenezi bwino lomwe. Cimene amagulitsa ndi kanthawi kodikira kaja, ndipo iwe umalipira kuti ukamvenso.

CACIWIRI: "NANGOTSALA PANG'ONO!"

Zithunzi ziwiri zafanana, cacitatu caima pang'ono pamwamba pa mzere. Kandeke kathawa utangotsala pang'ono kukanikiza. Pa tikiti ya mpira, matimu onse apambana kupatula imodzi. Umagwira kumutu ndi kunena kuti, "Nangotsala pang'ono!"

Mu 2009, Luke Clark ndi anzace pa yunivesite ya Cambridge anapima ubongo wa anthu ochova njuga pa makina. Anapeza kuti kuphonya pang'ono kumadzutsa mbali zina za ubongo zimene zimadzuka munthu akawina. Anthuwo anati kuphonyako kunawawawa, komabe kunawapatsa cilakolako copitiriza. Pa mpira wa m'bwalo, ukamenya cimtengo ca golo ndiye kuti phazi likuphunzira, mawa udzagoletsa. Pa makina palibe cimene dzanja lako likuphunzira. Cotsatira cimasankhidwa ndi kompyuta m'kati, ndipo zithunzi zozungulira ndi sewero cabe loonetsa maso. Wophonya pang'ono ndi wophonya kutali aluza ndalama yofanana.

CACITATU: PHOKOSO LA CIKONDWERERO

Kodi unamvapo makina akulira maliro munthu ataluza? Kuluza kumacitika mwakacetecete, koma kuwina, ngakhale kocepa, kumabwera ndi nyimbo, magetsi ndi kulira kwa ndalama za citsulo, kuti onse a m'bala amve. Ku yunivesite ya Waterloo ku Canada, Mike Dixon ndi anzace anaonetsa mu 2010 kuti makina amakono amaimba nyimbo ya cipambano ngakhale pamene abweza ndalama yocepa kuposa imene munthu waika, ndipo thupi la wosewera limatenthedwa monga ngati wawinadi. Waika K5, akubwezera K2, makina akuombera m'manja. Wataya K3 uku ukumwetulira!

M'makasino ambiri simupezeka koloko kapena zenera, kuti usadziwe kuti kunja kwaca. Ndalama amakusinthira ndi tipulasitiki tozungulira, ndipo pa foni imasanduka nambala cabe. K50 ya pepala imakukumbutsa pamela, makala ndi kapenta. Nambala ya pa galasi siikukumbutsa kanthu.

MASAMU A MWINI NYUMBA

Mwina ukuti, "Koma ena amawina." Inde amawina, ndipo ayenera kuwina, pakuti popanda wowina palibe angabwerenso. Koma tenga pensulo. Gudumu la roulette la ku Ulaya liri ndi manambala 37, kuyambira 0 kufika 36. Ukaika K1 pa nambala imodzi ndi kulasa, amakupatsa K35 pamodzi ndi K1 yako. Tsono ika K1 pa nambala iriyonse. Waononga K37, walasa ndithu, koma wabwerera ndi K36. Ka K1 kosowako ndi ka mwini nyumba, ndipo amakatenga usana ndi usiku.

Opanga Aviator amalengeza okha kuti pa K100 iriyonse imene osewera onse aika, K97 ndiyo imabwerera kwa iwo. Zimamveka ngati zocepa. Koma palibe amasewera kamodzi. Ukamabweza zonse zimene walandira, pofika ulendo wa 23 masamu amati mwa K100 ija mwatsala theka, ndipo ulendo umodzi umatha m'masekondi owerengeka.

Ena amati anatulukira njira: akaluza kangapo ndiye kuti kuwina kwayandikira. Pa 18 August 1913, ku kasino ya Monte Carlo, kampira kanagwera pa mtundu wakuda maulendo 26 motsatizana. Anthu anataya cuma cambiri pobecha pa wofiira, akuti tsopano nthawi yace yakwana. Gudumu liribe cikumbumtima, ndipo makina sadziwa kuti uli ndi ngongole. Nanga amene amagulitsa "zizindikiro" za Aviator pa WhatsApp, akanakhala kuti akudziwadi, akanafuniranji K20 yako?

AMALIPIRA NDANI?

Amati ndi masewera cabe, munthu asangalale ndi ndalama yace. Ndalama yace iti? M'Ng'ombe ndalama imabwera ndi thukuta la amai ocapa ndi kukolopa m'nyumba za ku Roma ndi ku Kalundu, la atate olonda geti usiku wonse, la alongo ogulitsa tomato pamsika. Imene imalowa m'makina ndi ya lendi, ya yunifomu, ya ndiwo, cenji ca amai cimene mwana wanena kuti cagwa panjira. Ikatha, munthu amathamangira kaloba kuti abweze zimene waluza, ndipo apa ndi pamene dzenje limakula. Kukoma kuja kumakhala kutatha kale, kwatsala mantha, mabodza ndi kusowa tulo. Bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, limawerenga cizolowezi ca njuga monga matenda, m'gulu limodzi ndi zizolowezi zina zomanga munthu. Akale anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo inu eni mabala ndi mashopu amene mumalola mwana wa yunifomu kuponya ndalama m'makina, mukudziwa kuti njuga ndi yoletsedwa kwa wosakwana zaka 18. Mwanayo mumamudziwa dzina, amai ace mumapemphera nao chalichi cimodzi. Phindu lotere mumalidya bwanji?

TSONO UCITE CIANI?

Kufuna cinthu cogunditsa mtima si chimo. Unalengedwa ndi magazi othamanga, ndipo ulova ndi kukhala cabe pakona zimatopetsa. Koma pereka mtima umenewo ku zinthu zimene kuyesayesa kumakulitsa luso: mpira, netball, kwaya, sewero, nchito ya manja, kantemba kako. Kumeneko kuphonya pang'ono kumatanthauzadi kuti wayandikira. Ngati uli ndi K5 ya tsiku, lowa cilimba ndi anzako okhulupirika. M'cilimba aliyense tsiku lace limafika, ndipo palibe mwini nyumba wodya pakati.

Ngati wayamba kale, cita izi lero. Lemba m'kabuku ndalama iriyonse imene waika ndi imene walandira kwa mwezi wathunthu, osabisa, pakuti mutu umasunga tsiku lowina ndi kutaya masiku oluza. Cotsa masewerawo pa foni. Zimene unaluza zileke zipite, usazithamangire. Uza munthu mmodzi wamkulu amene umamukhulupirira, kaya kholo, mlangizi wa acinyamata kapena mphunzitsi. Ukacita manyazi, imba 116 ngati uli mwana, kapena 933 ngati uli wamkulu, ulankhule ndi aphungu kwaulere.

Ndipo tsiku lina ukadzamva makina akuimba, mtima nuyamba kugunda, udzifunse funso limodzi lokha: kodi wandikonzera kukoma kumeneku ndani, ndipo iye adya ciani madzulo ano?