Kachipangizo kakati malungo palibe, tisathamangire kugolosale

Mvula ikangoyamba kuno kuchigwa cha Bwanje, kuyambira ku Sharpevale ndi Kasinje mpaka kutsikira kunyanja, udzudzu umachuluka ndipo nkhani imakhala yomweyi chaka ndi chaka. Mwana watentha thupi, mayi apita naye kwa mlangizi wa zaumoyo, amubaya chala, adikira mphindi 15 kapena 20, kenako auzidwa kuti malungo palibe. Pobwerera mayi akudandaula: "Aaa, mwana akuotcha chonchi, eti alibe malungo?" Madzulo ake bambo ali pagolosale kugula mankhwala a malungo. Ife tikuti chizolowezi chimenechi chitipweteketsa.

Tiyambe tamvetsa momwe kachipangizoka kamagwirira ntchito. Kachirombo ka malungo kakalowa m'magazi kamatulutsa tizinthu take take, timene achipatala amati antigen. M'kati mwa kachipangizo muli kapepala kamene anakakonza kuti kazigwira tizinthuto basi, ngati ukonde womwe maso ake anayezera nsomba ya mtundu umodzi. Mzere wa pa C umatiuza kuti kachipangizo kagwira ntchito. Wa pa T ukatulukanso, malungo alipo. Wa pa C ukapanda kuoneka, zotsatirazo n'zosadalirika, ayezenso.

Tsono pa T pakakhala poyera, kawirikawiri ndiye kuti chikutenthetsa mwanayo ndi china: chibayo, mafinya a m'khutu, zilonda za pakhosi, kapena matenda a m'njira ya mkodzo. LA sachiza zimenezi. Mwana wa chibayo akamamwa LA masiku atatu, ndalama zapita, masiku apita, chifuwa chikungokulirakulira.

Ena akuti kachipangizo kamalakwitsa. N'zoona, nthawi zina kamaphonya, makamaka tizirombo tikakhala tochepa kwambiri m'magazi. Koma zikatero tibwerere kuchipatala. Thupi likapitiriza kutentha masiku awiri kapena atatu, akamuyezenso. Mwana akakomoka, akamasanza chilichonse, akamalephera kuyamwa kapena akamapuma mothamanga, musadikire n'komwe, nyamukani nthawi yomweyo.

Palinso china chimene asodzi achimvetse msanga. Nsomba ukagulitsa zonse, mamba amatsalabe m'bwato. Antigen uja nayenso amatha kutsala m'magazi masabata angapo tizirombo titafa kale. Choncho munthu amene wamaliza LA posachedwa akhoza kuonetsabe mizere iwiri pomwe akudwala china. Muziwauza adokotala tsiku lomwe munamwa mankhwala komaliza. Pachipatala chachikulu cha boma la Ntcheu amatha kuunika magaziwo pa maikulosikopu n'kuona kachirombo kenikeniko ngati kalipo.

Akuluakulu akukumbukira chloroquine. Anasiya kugwira ntchito, ndipo mu 1993 dziko lino linasinthira ku Fansidar. Nayenso anafooka, mu 2007 kunabwera LA. Tizirombo timazolowera mankhwala akamamwedwa mwachisawawa kapena osamaliza. N'chifukwa chake mu 2010 bungwe la WHO linalangiza kuti aliyense aziyezedwa kaye asanalandire mankhwala a malungo, ndipo mu 2011 tizipangizoti tinafalitsidwa m'zipatala za m'dziko muno. LA akatheranso m'manja mwathu, ovutika ndife a kudambo ndi kunyanja.

Kachipangizo ka HIV kamaoneka ngati komweko, koma kwenikweni kamafufuza asilikali amene thupi limapanga polimbana ndi kachirombo, omwe amati antibody. Ukaona msasa wa alonda m'mphepete mwa munda umadziwa kuti kumabwera anyani. Komatu msasa samanga tsiku lomwe nyani woyamba wathyola chimanga. Thupi nalo limatenga masabata, mwina mpaka miyezi itatu, kuti asilikaliwo aoneke. Bambo amene wakhala kudoko nyengo yonse ya usipa, ngati akudzikayikira, asakhutire ndi kuyezetsa kamodzi tsiku lofika. Achipatala akati mubwerenso, tibwerere ndithu, ndipo ndi bwino kupitira limodzi pabanja. Khanda nalo limabadwa ndi asilikali a mayi ake, omwe amatha kukhalamo mpaka miyezi 18. N'chifukwa chake mwana wa mayi amene ali ndi HIV amamuyeza mwa njira ina akakwana masabata asanu ndi limodzi, magazi ake n'kutumizidwa ku labotale.

Tikumbukirenso kuti kachipangizo kalikonse kali ndi funso lake limodzi. Ka malungo sikaona likodzo. Mnyamata amene amakoka khoka kapena kubzala mpunga m'madzi akamakodza magazi, apereke mkodzo akauyeze.

Mvula ya chaka chino, tiyeni tigwirizane pakhomo pathu: thupi likatentha, tiyezetse tsiku lomwelo, ndipo mankhwala a malungo tizimwa okhawo amene tapatsidwa titayezedwa, mpaka kumaliza. Akatiuza kuti malungo palibe, tisachoke tisanafunse kuti, "Nanga adokotala, chikumutenthetsa n'chiyani?"