Kalonga William, malo ndi msonkho: angamufunse ndani?

Pa 8 September 2022, Mfumukazi Elizabeth II atangomwalira ku Balmoral, mdzukulu wawo William adayamba kudya phindu la malo oposa mahekitala 50,000. Sadafunsire ntchitoyi, palibe adamuvotera, ndipo palibe komiti yomwe idakhala pansi kumuunika. Chikalata cha mu 1337, chomwe Mfumu Edward III adasindikiza pofuna kuti mwana wake wachisamba asamasowe ndalama, ndicho chidamupatsa chuma chotchedwa Duchy of Cornwall. M'mawa mwake bambo ake, Mfumu Charles III, adamulonga kukhala Kalonga wa Wales. Nanga munthu wolandira zonsezi chifukwa choti adabadwa woyamba, abweze chiyani kwa anthu? Akapanda kubweza, angamuitanire pabwalo ndani?

Palibe lamulo ku Britain lomwe limandandalika ntchito za wolowa ufumu. Amaveka anthu mamendulo ku Windsor, amayendera asilikali ndi zipatala, amaimira bambo ake kunja monga adachitira pa maliro a Papa Francis ku Rome mu April 2025. Zina zonse amasankha yekha. Nyuzipepala za ku London zimawerengetsa chaka ndi chaka kuti waonekera pagulu kangati, ndipo kawirikawiri azakhali ake, Anne, amamusiya kutali. Ife sitikuonapo mlandu pamenepa. Mu 2024 bambo ake ndi mkazi wake Catherine onse adapezeka ndi khansa, pakhomo pali ana atatu aang'ono. Mwamuna wokhala pakhomo kudwazika mkazi wake si waulesi.

Mtima wake sitikuukayikiranso. Mayi ake, Diana, adamutengera koyamba ku The Passage, malo othandizira osowa pogona ku London, ali ndi zaka 11. Mu December 2009 adagona panja usiku wonse pafupi ndi mlatho wa Blackfriars, pamakatoni, kuseri kwa migolo ya zinyalala, kukuzizira mpaka madigiri 4 pansi pa ziro. Mkulu wa bungwe la Centrepoint, Seyi Obakin, yemwe adagona naye, adafotokoza pambuyo pake kuti galimoto yosesa msewu idatsala pang'ono kuwaponda chifukwa woyendetsa sadawaone. Kuyambira 2015 mpaka 2017 William ankayendetsa helikopita ya ambulansi kum'mawa kwa England, malipiro ake n'kumapereka ku ntchito zachifundo. Munthu yemwe adaona ndi maso ake anthu ovulala pangozi zapamsewu ndiponso adamva chisanu cha m'khonde amadziwa zomwe akunena. N'chifukwa chake tili ndi ufulu womufunsa mafunso olimba.

Mu June 2023 adakhazikitsa Homewards, ntchito ya zaka zisanu yofuna kuonetsa kuti vuto la kusowa pokhala lingathe. Adasankha madera asanu ndi limodzi: Aberdeen, Sheffield, Newport, Lambeth, Northern Ireland, ndi dera la Bournemouth, Christchurch ndi Poole. Dera lililonse lidalonjezedwa ndalama zoyambira zosapitirira mapaundi 500,000. Zonse pamodzi ndi mapaundi 3 miliyoni, zochokera ku bungwe lachifundo la Royal Foundation. Chaka cha 2023/24 chokha, Duchy of Cornwall idapatsa William phindu la mapaundi 23.6 miliyoni. Kodi ndalama ziwirizi zikaikidwa pamodzi patebulo, sizikufunsa zokha funso?

Mu February 2024 zidalengezedwa kuti pamalo a Duchy ku Nansledan, pafupi ndi Newquay, pamangidwa nyumba 24 za anthu osowa pokhala. Kwa anthu omwe adzalandire makiyi, imeneyi si nkhani yochepa. Koma ku England mabanja oposa 100,000 akukhala m'malo ongoyembekezera, ena m'chipinda chimodzi cha hotela yotchipa, makolo ndi ana pamodzi. Ku Cornwall komweko, ana a asodzi ndi alimi akulephera kuchita lendi m'midzi yomwe adabadwira chifukwa nyumba zidagulidwa ndi anthu olemera obwera patchuthi basi. N'zoona kuti William saloledwa kugulitsa malowa n'kudya ndalama zake, ndipo malonda akuluakulu amayenera kuvomerezedwa ndi unduna wa zachuma. Koma wapampando wa khonsolo yoyendetsa Duchy ndi iyeyo. Woyang'anira mahekitala oposa 50,000 walekezeranji pa nyumba zowerengeka chabe? Pofika 2028, pomwe Homewards idzakwanitse zaka zake zisanu, ndi anthu angati omwe adzakhale atachoka m'misewu n'kulowa m'nyumba zomangidwa pamalo akewo?

Nkhani ya msonkho ndiyo ikutivuta kwambiri. Duchy silipira msonkho womwe makampani ena ochita malonda a malo ndi nyumba amalipira. Kalonga amapereka msonkho pa ndalama zomwe walandira, atachotsapo zomwe akuti zapita ku ntchito zaufumu, koma amapereka mwa kufuna kwake, lamulo silimukakamiza. Charles ali Kalonga wa Wales ankalengeza kuchuluka kwa msonkho wake. Malipoti a William a 2024 ndi 2025 sadatchule chiwerengerocho. Chavuta n'chiyani? Namwino wa m'chipatala cha boma ku Sheffield, kuphatikizapo omwe adachokera kuno kwathu, amadulidwa msonkho malipiro asadafike m'manja, ndipo chiwerengero chimalembedwa papepala lake mwezi ndi mwezi. Bwanji yemwe nkhope yake idzakhale pa ndalama za dzikolo asankhe yekha chopereka, asankhenso yekha ngati anthu adziwe kapena ayi?

Mu November 2024 atolankhani a Channel 4 ndi The Sunday Times adavumbula kuti chuma cha Kalonga ndi cha Mfumu chimalandira lendi kuchokera ku masukulu, asilikali, zipatala ndi mabungwe achifundo. Ndende ya Dartmoor ili pamalo a Duchy, ndipo boma lidasaina mgwirizano wa zaka 25 wolipira pafupifupi mapaundi 37 miliyoni. Mu 2024 akaidi adasamutsidwamo chifukwa cha mpweya woopsa wotchedwa radon wochokera m'nthaka. Kodi n'chilungamo kuti okhometsedwa msonkho azilipira lendi kwa mwininyumba yemwe msonkho wake sudalengezedwe mu 2024 ndi 2025? Chaka chotsatira Duchy idalengeza kuti isiya kulipiritsa timagulu tina ta m'midzi ndipo ichepetsa lendi ya mabungwe ena achifundo. Tikuyamikira. Koma chidafunika n'chiyani kuti mpaka atolankhani ayambe afukula?

Palinso mwambo wa ku Nyumba ya Malamulo womwe anthu ambiri saudziwa. Bilu ikakhudza zofuna za Duchy of Cornwall, imayamba yakapemphedwa chilolezo kwa Kalonga isadadutse. Kupatula Mfumu, ndi mwini malo wina uti ku Britain yemwe amaonetsedwa lamulo lokhudza malonda ake aphungu asadalivomereze?

Kuno kwathu, pakati pa Achewa, mfumu ikagona, mbumba imakhala pansi ndipo ntchembere zimasinkhasinkha za ana a alongo ake a mfumuyo. Wankhanza, woumira kapena wosamva za anzake amatha kulambalalidwa, ngakhale ali wamkulu. Ufumu wa Britain ulibe sefa yotere. Lamulo la 2013 lidachotsa mwambo woti mwana wamwamuna azidumpha mlongo wake wamkulu, koma woyamba kubadwa ndiye mfumu basi, akhale wanzeru kapena ayi. Pomwe anthu sangasankhe, chomwe chawatsalira ndi kuona mabuku a ndalama. Akabisiridwanso zimenezo, atsala ndi chiyani?

William adalawapo kale kufunsidwa maso ndi maso. Mu March 2022 iye ndi Catherine adapita ku Belize, Jamaica ndi Bahamas. Ku Belize ulendo wa kumudzi wa Indian Creek udalephereka anthu atachita zionetsero. Ku Trench Town, mumzinda wa Kingston, makamera adawajambula akugwirana chanza ndi ana achikuda kudzera m'maenje a mpanda wa waya, timanja ta anawo titatulukira mbali inayo. Nduna yaikulu ya Jamaica, Andrew Holness, idawauza ataima pambali pake, atolankhani akumva, kuti dziko lake likufuna kuima palokha. Paphwando la madzulo William adati ukapolo udali chinthu chonyansa ndipo adaonetsa chisoni chachikulu, koma mawu opepesa sadatuluke. Ena amati wolowa ufumu sangapepese boma lisadalole. Mwina. Koma mu February 2024 adalankhula poyera kuti nkhondo ya ku Gaza ithe msanga, nkhani yomwe ili ya ndale kotheratu. Ngati pakamwa padatseguka pa za Gaza, patsekekeranji pa za makolo a anthu omwe iye akuyembekezera kudzakhala mfumu yawo?

Pali mpando umodzi wokha womwe William angakanizidwe, ndipo Malawi ali nawo mawu pamenepo. Utsogoleri wa Commonwealth si wa mtundu. Charles adaupeza chifukwa atsogoleri a mayiko adagwirizana motero ku London mu 2018. Malawi adalowa m'bungweli mu 1964, ndipo ngakhale tidasiya kukhala pansi pa Mfumukazi pa 6 July 1966, tikadali m'gulu la mayiko 56 omwe adzasankhe wotsatira. William mwini, pomaliza ulendo wa ku Belize, Jamaica ndi Bahamas uja, adaonetsa kuti sakuumirira mpandowu. Ku Samoa mu October 2024 atsogoleri a bungweli adagwirizana kuti nthawi yakwana yokambirana za chipepeso ndi chipukutamisozi cha ukapolo. Dzina la William likadzabwera patebulo, kodi nthumwi za Malawi, Zambia ndi Mozambique zidzangoomba m'manja, kapena zidzayamba zamufunsa kuti pa zokambiranazo iye waima pati?