Nthano yosatha imasanduka ngongole

Mu February 2021, mlembi wa ku America, Karen Marie Moning, adatulutsa buku lotchedwa Kingdom of Shadow and Light, lomwe ndi lomaliza pa mndandanda wa mabuku ake otchedwa Fever. Lidali buku la nambala 11. Loyamba, Darkfever, lidatuluka mchaka cha 2006. Izi zikutanthauza kuti mtsikana amene adayamba kuwerenga nkhaniyi ali ndi zaka 20 adadzaona mathero ake ali ntchembere ya zaka 35, mwinanso ana ali pasukulu.

Moning adachita bwino kutseka nkhaniyi. Koma chilungamo chake n'chakuti adachedwa nayo ndi zaka 10, ndipo kuchedwako kuli ndi phunziro kwa aliyense wokonda nkhani zazitali, kaya za m'mabuku, pawailesi ngakhalenso pakanema.

Nkhani ya Fever imayamba ndi maliro. MacKayla Lane, yemwe anzake amangomuti Mac, ndi mtsikana wa zaka 22 wogulitsa mowa m'bala ina m'dera la Georgia ku America. Mkulu wake, Alina, yemwe adapita kukachita maphunziro mumzinda wa Dublin m'dziko la Ireland, waphedwa mwankhanza. Apolisi akumeneko alephera kupeza wachiwembuyo. Chomwe chatsala ndi uthenga wamawu umene malemuyo adasiya pafoni ya mng'ono wake atatsala pang'ono kufa. Mac akwera ndege kupita ku Dublin ndi funso limodzi lokha: adapha Alina ndani?

Ku Dublin ndi komwe akukumana ndi ma fae. Izi ndi zolengedwa za m'nthano zakalekale za anthu a ku Ireland ndi Scotland. Si anthu, komanso si mizimu ya makolo. Amati zimakhala pansi pa timapiri ndi m'zitsamba zina, ndipo zimatha kuoneka zokongola kwambiri pofuna kupusitsa munthu. Ku Ireland alipo anthu amene amazipatsabe ulemu. Mchaka cha 1999, katswiri wa nthano Eddie Lenihan adachenjeza omanga msewu waukulu m'boma la Clare kuti asadule chitsamba china chomwe amati ndi pokumanirana ma fae, ndipo chitsambacho chidasiyidwa osadulidwa.

Moning adatenga zikhulupiriro zimenezi n'kuziika pakati pa mzinda wamakono. M'mabuku ake ma fae ali m'magulu awiri, a Seelie ndi a Unseelie, ndipo Mac adabadwa ndi maso otha kuwaona mmene alili ngakhale adzibise. Apo ndi pomwe akukumana ndi Jericho Barrons, mwini sitolo ya mabuku, bambo wosaulula zakukhosi, yemwe akusakasaka buku lamatsenga lotchedwa Sinsar Dubh. Chikondi cha awiriwa, chodzala ndi kukayikirana, ndicho chidakoka owerenga ambiri.

Makolo ayenera kudziwa chinthu chimodzi pano. Mawu akuti fae angapangitse munthu kuganiza kuti awa ndi mabuku a nthano za ana. Ayi ndithu. Muli nkhani zakuchipinda zolembedwa mosabisa, muli kuphana, mulinso kugwiriridwa. Buku lotere likapezeka pamulu wa mabuku akale pamsika, si logulira mwana wa Fomu 1 kuti aziphunzirirapo Chingerezi.

Mabuku 5 oyamba adayenda bwino kwambiri. Darkfever mu 2006, Bloodfever mu 2007, Faefever mu 2008, Dreamfever mu 2009, kenako Shadowfever mu 2011. Lililonse linkathera pamalo osiya owerenga mtima uli m'mwamba. Buku lachinayi lidatha Mac atapha chilombo china osadziwa kuti chidali yani, ndipo anthu adadikira kupitirira chaka kuti amve yankho.

Amene sadawerenge ndipo safuna kuuzidwiratu mathero, ndime yotsatirayi ailumphe.

Mu Shadowfever funso lija lidayankhidwa, ndipo yankho lake lidali lowawa. Yemwe adapha Alina adali Dani O'Malley, kamtsikana komwe Mac adafika pokatenga ngati mng'ono wake, ndipo kadachita izi kakugwiritsidwa ntchito ndi wamkulu amene ankayenera kukasamala. Mac adachoka kwawo ndi mtima wofuna kubwezera, koma adapeza kuti wolakwayo ndi mwana yemwe amamukonda. Banja lililonse lomwe lidakhalapo pabwalo la milandu, wolakwa ndi wolakwiridwa onse ali a mtundu umodzi, likudziwa kulemera kwa zinthu zotere.

Pamenepo ndiye padali pothera. Ngongole yomwe mlembi adatenga patsamba loyamba idali itabwezedwa yonse.

Koma mchaka cha 2012 kudatuluka Iced, kenako Burned mu 2015, Feverborn mu 2016, Feversong mu 2017 ndi High Voltage mu 2018, lomaliza lija lisadafike. Akuluakulu adati chakomachakoma pusi adagwa chagada. Mabuku owonjezerawa adabwera ndi mavuto awiri amene sadaliko poyamba.

Loyamba lidali la Dani. Mu Iced, mwini nkhani adali mtsikanayu ali ndi zaka 14 zokha, atazunguliridwa ndi amuna akuluakulu m'buku lolembera anthu akuluakulu. Owerenga ambiri adadandaula, ndipo adali ndi mfundo. M'buku lotsatira, Dani adasowa kupita kudziko lina komwe nthawi imathamanga, n'kubwerako atakula. Mlembi ali ndi ufulu wochita zimenezo, koma chigamba chimaoneka ndithu kuti ndi chigamba.

Lachiwiri ndi lalikulu. M'mabuku apambuyowa Alina adaonekanso wamoyo. Chisoni cha Mac ndicho chidali msana wa nkhani yonse. Owerenga adalira naye, makamaka iwo amene adaikapo m'bale wawo m'manda. Mlembi akadzutsa wakufa, ngakhale akhale ndi chifukwa chomveka m'dziko lake lamatsenga, amakhala ngati wauza anamalira kuti misozi yawo idali yamasewera. Pambuyo pake owerenga sachitanso mantha wina akafa, poti akudziwa kuti manda a m'nkhaniyo ali ndi khomo lotulukira.

Otsutsa maganizowa ali ndi mfundo zawo ndipo n'zosafunika kuzinyoza. Iwo amati palibe yemwe adakakamizidwa kugula buku la nambala 6. Amati Dani adayenera kupatsidwa mpata wofotokoza mbali yake, osangosiyidwa ndi dzina la wakupha. Amatinso kulemba ndi ntchito ngati ina iliyonse, ndipo mlimi sasiya munda umene ukubereka. Zonsezi n'zoona. Palinso owerenga ochuluka omwe adakondwa kuona Mac, mtsikana wa m'bala uja, atafika pokhala mfumukazi ya ma fae.

Komabe kunena kuti palibe adakakamizidwa n'kusamvetsa mmene nkhani zazitali zimagwirira munthu. Amene wakhala zaka 5 ndi anthu a m'buku sangangowatembenukira msana atamva kuti akumananso ndi mavuto ena. Amagula ndithu, ngakhale akung'ung'udza. Makampani osindikiza mabuku amadziwa bwino zimenezi. N'chifukwa chake udindo wodziwa poimira uli m'manja mwa mlembi, osati wowerenga.

Ngakhale zili choncho, Moning ayenera kuyamikiridwa chifukwa adafika pomaliza. Anzake ena sadathe. Robert Jordan, mlembi wa mndandanda wa The Wheel of Time, adamwalira mu 2007 nkhani yake isadathe, ndipo adachita kumumalizira ndi mlembi wina, Brandon Sanderson, mu 2013. George R.R. Martin adayamba nkhani yake yotchuka ndi buku la A Game of Thrones mu 1996. Lachisanu lidatuluka mu 2011, ndipo owerenga adatha zaka zoposa 10 akudikira lotsatira osaliona. Poyerekeza ndi amenewa, okonda Fever ali ndi mwayi. Akhoza kukangana ngati mathero adakoma kapena ayi, koma mathero alipo.

Agogo ofotokoza nthano madzulo pamoto ankadziwa lamulo limeneli popanda kupita kusukulu. Kalulu akapusitsa Njovu n'kulandira malipiro ake, nthano inkathera pomwepo ndipo ana ankapita kukagona akusinkhasinkha. Mawa lake kunkabwera nthano ina. Gogo amene akadapitiriza nthano imodzi mwezi wathunthu, kudzutsa Fisi yemwe adafa dzulo kuti ana asabalalike, akadataya ulemu wake. Phunziro la nthano limaoneka ikatha, monga momwe mlimi amadziwira zokolola zake chimanga chikalowa m'nkhokwe.

Alembi achinyamata amene akulemba nkhani zachikondi zotuluka pang'onopang'ono pa Facebook ndi pa WhatsApp atengepo phunziro. Anthu akamapempha gawo lina tsiku ndi tsiku, mtima umafuna kuwonjezera mkazi wachiwiri, mwana wotayika, kapena malemu wobwerera. Koma funso lomwe nkhani idayamba nalo likayankhidwa, ntchito yatha. Mlembi waluso amayamba nkhani ina ndi anthu ena, ndipo omukonda amamutsatira.

Kwa munthu wamkulu amene akufuna kulawa mabuku a Moning, langizo n'losavuta: awerenge 5 oyambawo, kuchokera pa Darkfever kufika pa Shadowfever, ndipo adzakhala atamva nkhani yathunthu ya mtsikana yemwe adapita kukafuna wopha mkulu wake. Otsalawo 6 ndi a iwo amene mtima ukukanabe kutsanzikana ndi Mac ndi Barrons. Amenewo akafika pa Kingdom of Shadow and Light adzapeza kuti mlembi, ngakhale mochedwa, adabweza ngongole yake.