Ndani Awerenga Nsomba za mu Lukanga?

Amai ogulitsa pa misika ya mu Kabwe adziwa bwino mtengo wa milamba youma yocokera ku Lukanga. Asodzi naonso adziwa malo amene ukonde ugwira ndi amene ubwerako wopanda kanthu. Koma funso lakuti kodi nsomba za m'dambo lalikululi zacepa motani pa zaka makumi awiri zapitazi, ndipo cazicepetsa nciani, silingayankhidwe ndi cikumbukiro ca munthu. Lifuna mabuku a ciwerengero olembedwa mosalumpha caka. Pa nkhani imeneyi mzinda wa Kabwe ungatengeko phunziro ku malo akutali zedi, kumene kulibe mudzi ngakhale munda.

Kummwera kweni-kweni kwa dziko lapansi kuli Antarctica, dziko lokutidwa ndi madzi oundana. Pa cisumbu ca Adelaide, bungwe la British Antarctic Survey lili ndi malo a kafukufuku ochedwa Rothera. Akatswiri a zamoyo za m'nyanja kumeneko amamira pansi pa madzi caka conse, ngakhale m'nyengo ya cisanu pamene dzuwa silioneka kwa masabata angapo. Nyanja ikauma pamwamba, iwo amaboola dzenje ndi sowo wa makina, nabvala zobvala zosalowa madzi, nabereka mabotolo a mpweya kumsana, natsikira m'madzi ozizira pafupi-fupi madigiri 2 kunsi kwa ziro. Mnzao amatsala pamwamba atagwira cingwe.

Nchito imene acita pansipo siyocititsa kaso ai. Amawerenga nkhono ndi tizamoyo tina, namatiyeza, namabwerera pa malo omwewo mwezi wotsatira. Anaika timiyala ta simenti pansi pa nyanja, ndipo caka ciri conse amapita kukaona tomwe taphwanyidwa ndi mapiri oyandama a madzi oundana. Kuyambira 1997 akhala akutunga madzi mu Ryder Bay kawiri-kawiri, kuyeza kutentha kwake, mcere wake ndi zomera zing'ono-zing'ono zimene ziri ciyambi ca cakudya conse ca m'nyanja. Mwa njira imeneyi anapeza kuti m'zaka zimene nyanja iuma masiku ocepa, mapiri oyandama aja amayenda momasuka napera zamoyo zambiri za pansi. Munthu wopita kumeneko ulendo umodzi wokha sakadaciona cimeneci. Akulu akale ananena kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Nzeru imeneyi siinabwere yaulere. Mu Julaye 2003 katswiri wina wamkazi, Kirsty Brown, anaphedwa ndi cinyama ca m'nyanja cochedwa leopard seal ali pa nchito pafupi ndi Rothera. Anzake anakhwimitsa malamulo a citetezo, koma buku la ciwerengero sanalitseke.

Tsono nanga Kabwe? Dambo la Lukanga lili pa mtunda wa makilomita ngati 50 kumadzulo kwa mzinda, ndipo mu 2005 linalembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi. Mtsinje wa Kafue ukadzaza umathira madzi ake m'damboli. Boma limaletsa usodzi kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane. Lamuloli ndi labwino, koma msodzi amene apacika ukonde wake miyezi itatu ana ali ndi njala ayenera kuonetsedwa ndi manambala kuti kupirira kwake kukubala zipatso.

Palinso zoopsa zina. Mu Febuluwale 2025 damu losungira zonyansa za mgodi linagumuka ku Chambishi, ndipo madzi a asidi analowa mu Mwambashi ndi mu Kafue, nsomba zambiri nkufa. Tsoka lotere likagwa, amene angathe kunena kukula kwa cionongeko ndi yekhayo amene anawerenga nsomba tsoka lisanafike. Wopanda buku amapita ku bwalo la milandu ndi misozi cabe. Ndiponso mgodi wa Kabwe, umene unatsekedwa mu 1994, unasiya mtobvu m'nthaka, ndipo mvula imakokolola nthakayo kupita nayo m'ngalande ndi m'timitsinje. Yunivesite ya Zambia ndi ya Hokkaido ya ku Japan zinayamba mu 2016 nchito yapamodzi yofufuza bvuto la mtobvuli. Koma nchito za cithandizo ca kunja zimakhala ndi tsiku lothera, pamene madzi ndi anthu owamwa atsala pompo.

Ena adzati dziko limene lisowa mankhwala m'zipatala silingataye ndalama pa kuyeza madzi. Anthu otere ayambe ayang'ana m'mbale yao ya ndiwo. Kapenta wa ku Kariba sanali m'nyanja imeneyo pa ciyambi. Akatswiri a za nsomba ndiwo anamtenga ku Nyanja ya Tanganyika namthira mu Kariba mu 1967 ndi 1968, atafufuza za moyo wake. Lero kapentayo adyetsa mabanja osawerengeka, kuphatikizapo a mu Kabwe. Ndalama zimene zinapita pa kafukufuku uja zinabwerera kale mowirikiza.

Motero cofunika ncodziwika. Kabwe ali ndi Yunivesite ya Mulungushi ndi ya Kwame Nkrumah. Masukulu amenewa, pamodzi ndi Dipatimenti ya za Nsomba, asankhe malo okhazikika mu Lukanga, pa Damu la Mulungushi ndi m'timitsinje ta pafupi ndi mgodi wakale, ndipo malowo ayezedwe mwezi uli wonse popanda kulephera. Mu Lukanga simufunika omira pansi, pakuti madzi ake ndi osaya, amatope ndiponso a ng'ona. Bwato, botolo, sikelo ndi buku nzokwanira. Anyamata ndi atsikana ofuna luso la kumira atumizidwe ku Mpulungu, kumene akatswiri a ku Japan akhala akumira kwa zaka zambiri kuphunzira nsomba za mu Tanganyika. Asodzi alowetsedwe pa nchito yolemba zimene agwira, ndipo zopezedwa zilengezedwe kwa mafumu ndi anthu m'Cilenje, m'Cibemba ndi m'Cinyanja.

Koposa zonse, Nyumba ya Malamulo ipatule ndalama za nchitoyi caka ndi caka. Buku lolembedwa zaka zitatu nkusiyidwa lifanana ndi nkhokwe yopanda denga. Anthu a ku Rothera amawerenga nkhono zimene palibe adzazidya. Nsomba za mu Lukanga ndizo ndiwo za ana a mu Kabwe, ndipo ziyenera kuwerengedwa zikalipo.