ZA KUNO KU MUTARE: Acemwali Anga Ali ndi Pakati

Sabata yatha ndinalonjeza kuti ndidzalemba za mtengo wa ufa, koma mundikhululukire, pakuti Loweruka ndinakwera kombi pano pa Penhalonga, ndi kudutsa Christmas Pass, kukaona acemwali anga ku Sakubva, ndipo zimene ndinaona kumeneko zakana kucoka m'mutu mwanga.

Acemwali angawo ali ndi pakati pa miyezi 7, ndipo mwana ameneyu adzakhala wacinai. Alamu anga agwira nchito pa mgodi wa platinum ku Rustenburg. Anabwera kwao pa Khirisimasi nabwerera m'mwezi wa January. Wofuna kuwerenga miyezi awerenge yekha, ine kalaliki ndawerenga kale ndipo zonse ziri bwino.

Ndinagona komweko masiku awiri, pa mphasa pamodzi ndi ana. Tsono tamverani umo mai wotere apitirizira tsiku lace. Adzuka nthawi ya 4 koloko, kunja kuli cisanu cija ca ku mapiri kuno cimene cilowa mpaka m'mafupa. Coyamba apemphera. Kale anali kugwada, koma tsopano mimba yakana, kotero akhala m'mphepete mwa kama, manja pa maondo, nachula ana onse maina ao mmodzi mmodzi, nachula amuna ao ali pansi pa nthaka ku dziko la eni, ndi pomariza achula "uyu amene Inu nokha mumdziwa." Ine ndinali m'maso, koma ndinadziyesa wogona. Atatha apo aturuka ndi ndowa kukaona ngati mpope uli ndi madzi, pakuti sabwera masiku onse. Aphika phala, asambitsa awiri a ku sukulu, nasenza dengu la matimati ndi repu kunka nalo ku musika wa Sakubva, kumene ali ndi tebulo lao laling'ono pafupi ndi poima mabasi. Wamng'ono wa zaka ziwiri sanamve kuti ufumu wace uli pafupi kutha, alira kuti am'bereke. Cotero muwaona ali kuyenda ndi katundu patatu: pamutu, kumbuyo ndi kutsogolo.

Madzulo ndinayang'ana mapazi ao, ndipo anali otupa ngati mikate. Ndinati, "Acemwali, kodi ku sikelo mupita?" Iwo anaseka nati, "Acimwene, inu ndinu wa mapepala, werengani nokha," nandipatsa khadi lao la ku cipatala. Ndinapeza kuti anayamba sikelo mimba iri ndi miyezi 5. Ndinawadzudzula pang'ono, monga mng'ono angathe kudzudzula mkuru wace, ndiko kunena mofatsa ndithu. Anati mimba siiululidwa ikali yaing'ono, ndi momwe anatiphunzitsira agogo. Mwambo umenewo ndiudziwa, koma namwino si mnansi wa miseche. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalangiza mu 1916 iai, ndakhala pang'ono kulakwa ngati kalaliki wa tulo, linalangiza mu 2016 kuti mai wapakati aonane ndi a cipatala kasanu ndi katatu, ndipo ulendo woyamba ukhale miyezi 3 isanathe.

Ambiri a inu simunaloweko ku sikelo, muyesa kuti angoyesa kulemera kwa munthu ngati thumba la cimanga. Iai. Apima kuthamanga kwa magazi, amvera mtima wa mwana, apatsa mai mankhwala oonjezera magazi, ndi Fansidar wocinjiriza malungo, pakuti kuno ku Manicaland malungo ndi ambiri, makamaka ku zigwa. Apimanso HIV. Pa nkhani iyi dziko la makolo athu linatsogola: mu 2011 Malawi inayamba kupatsa mai aliyense wapakati wopezeka ndi kacirombo mankhwala a moyo wace wonse, kuti mwana abadwe wopanda matenda, ndipo Zimbabwe inatsata mu 2013. Koma anamwino adandaula kuti abambo sabwera. Ife amene tikhala miyezi 11 kutari ndi nyumba tidziwa tokha cifukwa cace tiyenera kupimitsa. Sindifuna kunena zambiri pa pepala limene ana angawerenge.

Cimene candisowetsa tulo ndi cizindikiro cofiira cimene namwino analemba pa khadi. Magazi a acemwali athamanga kopitirira pang'ono, ndipo anawauza kubweranso sabata iri yonse. Anawauzanso kuti akamva mutu waukuru, kapena maso kucita cidima, kapena nkhope ndi manja kutupa, kapena akaona magazi, asadikire kuca, koma apite nthawi yomweyo, pakuti matenda amenewa agwetsa mai ngati khunyu ndipo apha. Zikabvuta adzawatumiza ku cipatala cacikuru ca Victoria Chitepo. Abale, mau awa muwasunge, ndipo mufunse akazi anu pa foni ngati awadziwa.

Tsono pali mai wina woyandikana nao nyumba, munthu wabwino mtima amene awatungira madzi kawiri kawiri. Iye apemphera ku mpingo wina wa Apostoli umene uphunzitsa kuti kupita ku cipatala ndiko kucepa cikhulupiriro. Ine ndiri pompo anadza nanena m'Cishona kuti khadi limenelo alitaye, ndipo amai a kwao adzawathandiza kucira m'nyumba ndi pemphero ndi madzi odalitsa. Ndinafuna kuyankha, koma acemwali anandiponda phazi. Anamthokoza bwino, namuuza kuti mapemphero awalandira ndi manja awiri, ndipo apitirize kuwapempherera pamene iwo ali pa kama wa ku cipatala. Maiyo anaseka, ndipo anamwa tiyi pamodzi. Ine ndikadayankha, ndowa ya madzi ija ikadatha pomwepo.

Ndinakumbuka zimene anatiphunzitsa ku sukulu ya mishoni, kuti cipatala coyamba m'dera lino cinadza ndi anthu a Mulungu. Mu 1891 anamwino atatu, Rose Blennerhassett, Lucy Sleeman ndi Beryl Welby, anakwera mtsinje wa Pungwe kucokera ku Beira, nayenda pansi masiku ambiri kufikira kuno, ataitanidwa ndi Bishopu Knight-Bruce wa Anglican. Cikumbutso cao ciripo pa Penhalonga, ndipo ndipita pafupi naco kawiri kawiri. Pambuyo pace, tauni itasamuka kutsata njanji ya ku Beira, malo akalewo anapatsidwa kwa Bishopu Hartzell wa Methodist, ndiyo mishoni ya Old Mutare, kumene amai acirira kufikira lero.

Lacinai masana acemwali atseka tebulo lao, ngakhale malonda ali bwino cotani, nabvala yunifomu yao kunka ku Cigwirizano ca amai a C.C.A.P. Mpingo umenewu unadza m'dziko lino ndi anthu onga ife: mbusa T. C. B. Vlok anafika ku Salisbury, ndiye Harare tsopano, mu 1912 kudzaweta anthu a ku Nyasaland ogwira nchito m'migodi ndi m'mafamu. Agogo athu a ku Ncheu anaupeza, ndipo ife adzukuru tikali kuyimba nyimbo m'Cinyanja, ngakhale pa mseu tilankhula Cimanyika. Bulauzi ya acemwali siitsekanso mabatani apansi, abisa ndi citenje. Amai amenewa ndiwo agwira nchito imene kumudzi ikadagwiridwa ndi anakubala ndi azakhali: wina wapatsa sopo, wina matewera a mwana wace amene wakula, ndipo mai wina wacikulire walonjeza kugona ndi ana masiku a cikuta.

Cikwama ca ulendo ciri pansi pa kama. Tinacitsegula pamodzi, ine ndi pensulo m'manja. Muli zitenje zitatu, thonje, sipiriti wotsukira mcombo, beseni, makandulo awiri ndi kabulangete. Cosoweka ndi ndarama ya galimoto, pakuti mwana sasankha nthawi, ndipo usiku kombi kulibe. Wa galimoto afuna madola a America m'manja asanalize injini.

Pofuna ndarama imeneyo acemwali anandiuza maganizo ao, akuti abwere kuno ku Penhalonga mwezi umodzi kudzaphikira nsima anyamata okumba golide paokha, amene kuno tiwacha makorokoza, cifukwa amenewo sawerenga cenji. Apa ndinakana, ndipo sindinafatse. Anyamata amenewo agwira golide ndi mekyule, naocha pa moto kuti mekyule auluke, ndipo ena acita zimenezi pa mafuwa omwewo ophikira. Utsi wace suoneka ndipo sununkha, koma ulowa m'mapapo, nupita m'magazi a mai kufikira kwa mwana, nuononga ubongo wace asanabadwe. Wina wa inu akakhala ndi kabotolo ka mankhwala amenewa m'nyumba momwe mugona mkazi wapakati, akaturutse lero.

Ndisananyamuke anandipempha kuti ndiwalembere uthenga wa pa foni kwa amuna ao, akuti ine ndidziwa kuika mau bwino. Ananena kuti ana ali bwino, wamkuru wakhoza masamu, denga lidontha koma lidikira mvula, ndipo ndarama ya June inafika koma ya July sinafike. Ananenanso za mapazi ndi za cizindikiro cofiira, koma atalingalira anati, "Izo fafanizani, acimwene, munthu ali pansi pa mgodi asamagwire nchito ndi mtima uwiri." Ndinafafaniza monga ananena.

Koma za nyuzipepala sanandiletse. Alamu, ndidziwa kuti pepala ili lifika m'komboni mwanu. Masiku ao ndi kumapeto kwa September. Ine ndasiya madola 10 m'cikwama muja, m'kati mwa kabulangete. Yotsalayo ndi yanu, ndipo mukapemphe chuti kwa akapitao tsopano, mwezi usanathe.

Za ufa tidzakamba sabata ya mawa.

Ndine wanu,
Kalaliki wa ku Penhalonga