Kalata kwa Mkulu wa University Interscholastic League, Austin, Texas

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwira mwendo wanu kuti mundilole kuyalula pamaso panu nkhani ya ana a sukulu oguba ndi malipenga ndi ng'oma, pakuti bungwe lanu, limene lakhala likuyang'anira mipikisano ya sukulu za boma m'Texas kuyambira 1910, ndilo lili ndi mphamvu yoweruza ngati ntchito ya anawa iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi masewera olimbitsa thupi, kapena ingokhala chosangalatsa anthu pamene osewera mpira apita kukapuma.

Taonani, Bwana, zimene zichitika m'mwezi wa Ogasiti, dzuwa litaswa mtengo, kutentha kukupyola madigiri 38 masiku ambiri. Ana afola pa phula la malo oimikapo magalimoto, pakuti bwalo la udzu kawirikawiri likhala m'manja mwa a mpira. Wina wakoleka paphewa lipenga lalikulu lija lozinga thupi, lotchedwa sousaphone, limene likakhala lamkuwa lilemera makilogalamu oposa 10. Wina wamangirira ng'oma zinayi kapena zisanu pachifuwa, nayenda chammbali, miyendo ikupingasana. Ndipo onsewo ayenera kuponda masitepe 8 pa mayadi 5 alionse, osaonjeza, osachepetsa, kutsogolo ndi chambuyo komwe, maso ali kwa wotsogolera nyimbo. Wothamanga akatopa apuma wefuwefu monga afunira, koma woliza lipenga alibe ufulu umenewo, popeza mpweya umene mapapo ake akuulirira ndi womwewo umene nyimbo ikuufuna, ndipo ayenera kuutulutsa pang'onopang'ono, mwaudongo, ngakhale mtima ukugunda kwambiri. Ife amene tinaona amuna akuvina malipenga ku Nkhata Bay, mabaja ali pakamwa, thukuta litanyowetsa malaya oyera, sitifunsanso ngati kuimba uku ukuguba kuli ntchito ya thupi.

Alipo ena onena kuti masewera enieni ndi aja amene wina agoletsa chigoli, ndi kuti zoweruzidwa ndi maso a oweruza si masewera ayi. Koma ku Olympics a gymnastics apambana ndi malikisi a oweruza, ndipo palibe awalanda ulemu. Magulu a malipenga nawonso apikisana kuchokera m'zigawo kufikira ku bwalo la Alamodome, mumzinda wa San Antonio, kumene mphindi 8 zokha ziweruza khama la miyezi yambiri.

Kunena zoona, inu eni mwayenda kale theka la ulendo. Munaika lamulo lakuti anawa asapyole maola 8 pa sabata pokonzekera kunja kwa nthawi ya maphunziro, ndipo kuyambira 2019 munalamula kuti ayesedwe m'thupi ndi achipatala asanayambe kuguba, monga achitira osewera mpira. Boma la Texas nalonso lilola kuti kuguba kulowe m'malo mwa phunziro lolimbitsa thupi. Nanga munthu amene mwamuyesa mtima ndi mapapo musanamulole kulowa m'bwalo, mudzamutchanso woonerera bwanji? Sinditero pofuna kuti nyimbo ichotsedwe pampando wake, pakuti mphunzitsi wa nyimbo ndiye mwini gululi, ndipo tsiku limene liwiro la miyendo lidzaposa kukoma kwa mawu a lipenga, chinthu chokongola chidzakhala chitatayika. Chimene ndidandaulira ndicho chisamaliro: kuti sukulu iliyonse imene ili ndi wachipatala wodikira pambali pa bwalo la mpira imutumizenso kumene ana a malipenga akuguba, kuti madzi ndi mthunzi zikhale zawo mwa lamulo, ndi kuti mwana wopweteka bondo kapena msana pansi pa ng'oma athandizidwe ndi dzanja lomwelo lothandiza mnzake wa mpira wovala chisoti.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ana awa makolo awo anawapereka m'manja mwanu m'chikhulupiriro. Chonde, Bwana, itanani akuluakulu a bungwe lanu, muwalembe anawa m'kaundula wa ochita masewera pa zonse zokhudza thanzi ndi chitetezo chawo, Ogasiti wina asanafike.

Ine wanu wodzichepetsa,
Wokonda nyimbo ndi ana